Belu la Twila

Mmawa umenewo kunagwa chisanu choyamba cha Okutobala. Udzu unayera mbee, ndipo mitambo inakhala pamwamba pa mapiri a Beartooth osasuntha. Pa wailesi anati chipale chofewa chigwa Loweruka, ndipo msewu wokwera phirilo autseka mpaka chaka chamawa. Linali Lachinayi.

Ndinabwerera kunyumba mochedwa. Masiku onse ndimamwa khofi kulesitilanti ya Dot nthawi ya seveni, eyiti ikamakwana ndili kwathu. Tsikulo Dot anandigwira. Anati chitseko cha firiji yake yaikulu chikukana kutseka, ndimuonereko. Nditayang'ana ndinapeza masikuluwu awiri atamasuka. Ndinawamanga. Kenako anandiikira payi ya maapulo imene sindinaitanitse, n'kuima pambali panga mpaka ndimalize.

Ndinafika hafu naini. Chitseko cha shedi chinali chotsegula. Loko anali atamupachika bwinobwino, wosathyoka. Njinga yanga yamoto, yaikulu ija, inalipo pansi pa nsalu yake. Ya Twila panalibe.

Twila ndi mkazi wanga. Anamwalira chaka chatha mu Ogasiti. Anali wamfupi, mutu wake unkalekeza pathumba la shati langa, choncho njinga za m'sitolo zonse zinkamutalikira. Ndinamupangira yake. Ndinadula felemu, ndinatsitsa chishalo, mahandulo ndinawapinda kuti abwere kwa iye. Anaikwera zaka makumi atatu.

Atamwalira tinaotcha thupi monga ankafunira. Phulusa lake ndinalisefa, ndinalisakaniza ndi penti wabuluu, n'kupaka thanki ya njingayo kasanu ndi kawiri. Ena kuno amatero ndithu. Padzuwa munkaoneka timadontho totuwa m'kati mwa buluuyo. Panali chinthu china chimene ndinamulonjeza ali m'chipatala, koma sindinachichite. Njinga ndinaitsekera m'shedi. Yanga yomwe sindinaikwerenso.

Ndiye amene anaba njingayo sanangoba njinga.

*

Wapolisi amene anabwera ndi Kendra Yost. Ndinkamunyamula ali khanda, bambo ake ali moyo.

"Bambo Lokken, kiyi wa loko amakhala pati?"

"Pansi pa chitini icho."

"Amadziwa ndani?"

"Aliyense."

Anapukusa mutu, akulemba m'kabuku kake.

"Mwezi uno zabedwa njinga zinayi m'matauni a kumunsi kuno. Amabwera ndi ngolo yotseka yokoka ndi galimoto, amakweza, dzuwa likamalowa njinga yasanduka zidutswa. Injini uku, matayala uku. Thanki amaipala penti yense n'kuipaka wina." Anadukiza pamenepo, chifukwa za thankiyo ankazidziwa. "Pepani."



Anatulutsa pepala. Anati ndikasaina, nambala ya njingayo ifika kwa apolisi onse a Montana ndi Wyoming pasanathe mphindi khumi. Aliyense amene apezeke nayo amumanga, ndipo mlandu ukatero sukhalanso m'manja mwanga.

Ndinalandira cholembera. Pofuna potsamiritsa pepala ndinatembenukira kukhoma, ndipo ndinaona msomali umene pankakhala magolovesi a Twila. Magolovesi panalibe. Pamsomalipo panali belu.

Ndi kabelu kamkuwa, kakang'ono ngati chala chachikulu. Timakamangirira pansi pa felemu, pafupi ndi msewu, kuti kazithamangitsa tsoka. Sudzigulira wekha, amachita kukupatsa. Limeneli ndinamupatsa Twila tsiku limene ndinamaliza njinga yake. Ndipo belu la mnzako suba. Ukaliba, tsoka lonse limene lakhala likuthamangitsa limabwera kwa iwe.

Ndinalichotsa pamsomali. Kachingwe kake kachikopa sanakadule, anachita kumasula mfundo. Pachikopapo panali zipsera za mano.

Ndinamubwezera Kendra cholembera.

"Bwanji?"

"Undipatse mpaka masana."

"Bambo Lokken, pofika masana akhala atadutsa malire."

"Wakuba wa ngolo sagwada kumasula belu."



"Nanga mukakhala kuti mwalakwitsa?"

Belu ndinaliika m'thumba. Funso limenelo ndinayenda nalo mmawa wonse.

*

Chisanu chinali chisanasungunuke kuseri kwa shedi, kumene kulibe dzuwa. Mzere wa matayala unadutsa paudzu kulowera kukanjira ka kumbuyo. Njingayo anachita kukankha. Mbali ina kunali mapazi a nsapato zazikulu, mbali ina ang'onoang'ono. Pakanjirapo panali dontho la petulo, ndipo mapazi aakulu okha ndi amene anabwerera.

Ndinalowanso m'shedi. Batire la njingayo ndinali nditalichotsa chaka chatha, petulo n'kukhuthula. Batirelo linali pashelefu pomwe ndinalisiya. Choncho anabwera ndi lawo. Pansi pa chishalo chotsika chija pamalowa batire laling'ono lokha, lochita kuitanitsa.

Kanjirako kamadutsa pansi pa zenera la kukhitchini kwa mayi Pohl. Mayiwa ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu, ndipo kwa zaka makumi atatu akhala akudandaula za phokoso la njinga ya Twila. Kawiri konse anakatinenera kwa abusa.

Ananditsegulira chitseko cha sefa yotchinga udzudzu chokha.

"Sindinamve kanthu, bambo Lokken. Timakina tondithandiza kumva ndinatichotsa m'makutu dzulo, tikundipweteka. Lero ndine gonthi weniweni. Ndakhala ndikuwerenga Masalimo."

"Simunaone munthu?" Ndinanena motsitsa mawu, nditayang'ana pansi.

"Ine sindisuzumira pazenera ngati anthu ena."

Ndinangoima. Iwo anazindikira kuti andimva, ndipo makutu awo anafiira.

"Kunama ndi tchimo, ndikudziwa," anatero. "Ndikakamba ndi Ambuye ndekha, si nkhani yanu." Anakonza kolala ya juzi lawo. "Phokoso lija ndinkadana nalo. Linkagwedeza makapu anga m'kabati. Chaka chonsechi makapu angokhala zii, ndipo ine sindinadziwe kuti..."

Sanamalize. Anapukuta diso ndi chala, n'kutseka chitseko.

*

Hobie Stutzman ali ndi galaja ya njinga zamoto kumapeto kwa tauni. Tayenda limodzi kuyambira tili anyamata. Iye amalankhula za anthu awiri, ine n'kumamvetsera.

"Taonani amene watuluka m'dzenje," anatero atandiona. "Mdala, ndimayesa unasanduka mpando. Wabwera kugula chiyani, mtsamiro?"

"Njinga ya Twila yabedwa."

"Ndamva. Zachisoni. Anthu masiku ano alibe mantha. Ine ndakhala muno kuyambira sikisi koloko, mutu uli m'injini iyi, sindinatuluke ngakhale kukataya madzi."

Ndinagwira mbaula yake. Inali yozizira. Hobie sangagwire sipanala m'chipinda chozizira, mawondo ake salola.

"Nkhuni zakwera mtengo," anatero.

Ndinayang'ana nsapato zake. Zinali zonyowa, zitamatira udzu.

"Batire laling'ono unaitanitsa liti?"

"Mabatire ndimagulitsa tsiku ndi tsiku, mdala. Aakulu, aang'ono, a mathirakitala, a makina otchetchera kapinga. Ukufuna ndizikumbukira lililonse? Ine dzina la mdzukulu wanga ndimaliiwala."

Bokosi la batirelo linali pamwamba penipeni m'mgolo wa zinyalala. Ndinalitola n'kuliika pabenchi pakati pathu. Hobie analiyang'ana ngati likhoza kumuluma.

"Ndinamuuza Dot kuti ine sinditha kunama," anatero. "Ndinamuuza."

"Njinga ili kuti?"

"Ndinalumbira, Arvid. Ukhoza kundimenya ndi sipanala, sindinena." Anakhala pansi pa chitini cha oyilo. Nthabwala zinali zitamuthera. "Matayala ndapopa. Mabuleki ndayesa. Oyilo ndathira watsopano, ndinabwera Lachiwiri iwe uli ku khofi. Palibe chimene ndasiya. Ukanaimva mmene inalirira, mdala. Kamodzi kokha, yadzuka. Ngati yakhala ikudikira."

"Wakwera ndani?"

"Kafunse Dot. Iyeyo ndiye mkulu wa asilikali."

Mtima unatsika pang'ono. Thanki sinali m'ngolo ya anthu achilendo. Koma zipsera za mano zija zinkandivutabe.

*

Kwa Dot kunali anthu atatu okha. Anandiona ndikulowa, n'kuyamba kupukuta tebulo loyera kale.

"Payi yatha," anatero. "Ngati firiji yamasukanso, ndiitana wina."

Ndinakhala pampando wanga.

"Usandiyang'ane choncho, Arvid Lokken. Ine ndakhala pano kuyambira faifi, anthu makumi awiri andiona. Iwenso unandiona. Ndipo Noreen ali ku Billings kwa dokotala wa manja, ananyamuka dzulo."

"Sindinafunse za Noreen."

Nsalu yopukutira inaima.

Noreen ndi mkulu wake wa Twila. Msinkhu ndi womwewo, phazi ndi lomwelo, lilime lokha ndiye lakuthwa kuposa. Anasiya kukwera njinga zaka zisanu zapitazo chifukwa cha nyamakazi. Zala zake zinapindika. Botolo amatsegula ndi mano.

Ndinatulutsa belu n'kumuonetsa Dot kachingwe kaja.

"Tinamuuza kuti alisiye pomwepo," anatero Dot. "Anakana. Anati njinga akhoza kubwereka, koma belu la mng'ono wake sangabe. Anagwada paudzu wozizirawo mphindi khumi, Hobie akufuna kufa ndi mantha kuti ubwera." Anaponya nsalu patebulo. "Ndipo usayembekeze kuti ndipepese. Unalonjeza. Tonse tinalipo m'chipinda muja. Chilimwe chonse chatha, msewu akutseka Loweruka, iwe uli phee ngati chitsa. Mkazi uja sanakhalepo m'nyumba masiku atatu otsatizana, ndiye iwe wamutsekera ndi loko chaka chathunthu."

Anthu atatu aja anali atasiya kudya.

"Wavala zotentha?" ndinafunsa.



"Majuzi awiri ndi jekete lachikopa. Ndinamuveka ndekha. Magolovesi wavala a Twila."

"Wanyamuka nthawi yanji?"

"Kota pasiti eyiti. Waimba foni ali ku Red Lodge, akumwa tiyi kuti atenthedwe. Akuti zonse zili bwino."

"Kilatchi ya njinga ija, yofinya ndi dzanja lamanzere posintha giya, ndi yolimba."

"Hobie wayang'ana zonse."

"Siinaonongeke. Ndinaipanga choncho. Twila anali ndi dzanja lamphamvu, ankaikonda yolimba." Ndinaimirira. "Kuchigwa kuno susintha giya kawirikawiri. Kuphiri, pa kona iliyonse."

Dot anayang'ana dzanja lake lamanzere, n'kulifumbata pang'onopang'ono. Nkhope yake inasintha. Anali ataganizira batire, petulo, firiji, makutu a mayi Pohl. Zala za Noreen palibe anaziganizira.

"Kumbali kwa msewu uja ndi phompho," anatero motsitsa.

"Umuimbire Kendra. Pepala lija aling'ambe."

Ndinatuluka osalipira khofi amene anali atandithirira.

*

Kuchoka kwathu kukafika ku Red Lodge ndi mamailosi makumi anayi. Pikapu yanga ndi yakale, koma tsikulo inayesetsa. Nditadutsa tauniyo msewu unalowa m'chigwa cha mitengo ya paini, n'kuyamba kukwera. Pa kona iliyonse ndinkayang'ana zitsulo za m'mbali ngati pali pothyoka. Yoyamba inali bwino. Yachiwiri inali bwino.

Pa kona yachitatu pali malo oimikapo magalimoto. Ndinaona buluu.

Njinga inali itaima pa sitandi yake. Noreen anali atakhala pamwala, dzanja lamanzere atalipana m'khwapa. Ndinazimitsa injini.

"Mwachedwa, alamu," anatero nditatsika. "Ndimayesa ndinu wanzeru. Mwabwera ndi unyolo?"

"Dzanja."

"Dzanja ndi langa."

Ndinadikira. Analitulutsa. Ndinamuvula golovesi pang'onopang'ono. Zala zinali zitatupa, zitauma mopindika ngati zikugwirabe chitsulo. Ndinaliika pakati pa manja anga awiri kuti litenthedwe. Sanalichotse.

"Pa kona iyi lakana," anatero. "Ndafinya, osatheka. Ndaima ndi buleki basi, injini n'kuzima. Ndakhala pano ola lathunthu ndikumuuza Twila kuti pepani, mkulu wako wakalamba." Anayang'ana kumwamba, kumene msewu umapindapinda mpaka kulowa m'mitambo. "Anandiuza, mukudziwa? Kuchipatala kuja, inu mutatuluka kukafuna madzi. Anati, Arvid wavomera kukandikweza pa Beartooth, koma ndikumudziwa. Akandisunga ngati mbale ya alendo. Chipale chachiwiri chikamayandikira asanapite, udzandibe."

Mawuwo anali ake ndithu. Ndinawamva mmene akanawanenera.

"Palinso china," anatero Noreen. Lilime lakuthwa lija linali litapita. "Musanayang'ane nokha. Lole ya miyala inandipitirira ku tauni ya Roberts. Ndinamva kuti tha."

Ndinapita panjingayo. Kumanja kwa thanki, kutsogolo, penti anali atathetheka. Kabala kake kanali ngati njere ya mpunga. Chitsulo chinkaoneka.

Ndinaikapo chala. Chimenechi ndi chimene ndinkaopa miyezi khumi ndi inayi. Usiku ndi usana ndinkaganiza za kamwala kamodzi. Twila alibe manda. Zovala zake zinasiya kununkhira iye. Chimene ndinatsala nacho ndi penti ameneyu, ndipo msewu umadya penti.

"Nditukwaneni," anatero Noreen kumbuyo kwanga. "Zikhala bwino mukanditukwana."

"Ku Roberts pati?"

"Chiyani?"

"Kamwalako. Pati?"

"Pafupi ndi mlatho. Pamene pali mitengo yachikasu ija."

Ndinkapadziwa. Twila ankakonda kuthamangitsa njinga pamenepo n'kundisiya m'mbuyo, kenako n'kumandidikira kutsogolo akuseka.

"Ndi pabwino," ndinatero.

Noreen anabisa nkhope m'golovesi la mng'ono wake. Ndinamusiya alire. Mphepo inkatsika m'phiri ikununkha chipale. Dzuwa linatuluka pang'ono, ndipo timadontho totuwa tija tinaoneka m'buluu monse, tambirimbiri, kuposa mmene tinkaonekera m'shedi. M'shedi mulibe dzuwa. Zimenezo sindinaziganizirepo.

"Kwatsala mamailosi angati kukafika pamwamba?" anafunsa atamina.

"Makumi awiri."

"Ine sindingathe."

"Ndikudziwa."

Ndinamupatsa makiyi a pikapu. Anawayang'ana, n'kundiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Inu? Pa kanjinga aka? Mawondo akafika m'makutu. Muoneka ngati chimbalangondo pa njinga ya mwana."

"Hita yotenthetsa m'galimoto imagwira mukaimenya. Muzinditsatira pambuyo."

Jekete langa lachikopa linali kuseri kwa mpando wa pikapu, pomwe ndinaliponya tsiku lochokera kuchipatala. Linali litauma m'mapewa. Ndinalivala. Kenako ndinagwada pamiyala, ndinatulutsa belu, n'kulimangirira pamalo pake pansi pa felemu.

"Limenelo silikutetezani inu," anatero Noreen. "Munapatsa Twila."

"Ulendowu ndi wake. Ine ndikungoperekeza."

Anapita kupikapu, ndipo ndinamva akukankhira mpando kutsogolo, akudandaula za fungo la oyilo.

Ndinakhala pachishalo. Mawondo anafikadi m'mwamba. Ndinaliza injini, ndinafinya kilatchi, ndinalowetsa giya yoyamba, n'kuyamba kukwera phiri.